Khansa ya M'mapapo Yofalikira Msanga

Mwa anthu 100 odwala khansa ya m'mapapo, pafupifupi 15 amadwala mtundu woopsa umene madokotala amautcha small cell. Umagwira makamaka osuta fodya, wa ndudu ndi chingambwe yemwe, ndipo suchedwa kufalikira kuchiwindi, m'mafupa ndi kuubongo. Nchifukwa chake opaleshoni siithandiza kawirikawiri. Madokotala amaphatikiza njira ziwiri: mankhwala monga cisplatin ndi etoposide, operekedwa m'diripi pa masabata atatu alionse, ndi kuotcha chotupacho ndi cheza cha makina.

Chovuta nchakuti matendawa amayamba ngati chifuwa chachikulu: kutsokomola magazi, kuonda ndi phuma. Wodwala amene makhololo ake sanapezeke ndi TB, koma chifuwa chikupitirirabe, asakhale kunyumba. Abwerere kuchipatala msanga kuti akamjambule m'chifuwa, poti mwezi umodzi ndi nthawi yaitali pa matenda amenewa.