Kugula Thirakita Yaing'ono Yakale: Yambirani ku Munda, Osati pa Yadi

Ambiri mwa inu amene munaphunzira pano simukhala ku munda caka conse. Nyumba ili mumzinda, ku Marapodi, ku Mandevu kapena ku Chaisa, pamene munda uli kunja, m'mbali mwa msewu wa Great North: ku Kabangwe, ku Katuba, m'dera la amfumu a Mungule, ena mpaka ku Chisamba. Mumapita pa Ciweru m'mamawa ndi kubwerako pa Sondo madzulo, ndipo masiku awiriwo sakwanira. Udzu wakula, kanjira kolowera ku munda kakumbika ndi madzi, manyowa ali duu m'khola, ndipo mwini thirakita amene munampatsa kale ndalama za dizilo angoti, "Tibwera mawa." Munthu wotere akayamba kulakalaka thirakita yakeyake, palibe angamdzudzule. Yatsopano ndi yodula, conco maso amagwera pa timathirakita takale timene timaima m'mayadi a mu Lusaka, topakidwa utoto wowala.

Mmodzi wa ophunzira athu akale, bambo wa ku Marapodi amene ali ndi mahekitala asanu ku Katuba, anasunga ndalama zaka zitatu, mai a kunyumba kwao naonjezapo za cilimba. Mwezi wa Okutobala anapita pa yadi ina, naona kathirakita kofiira. Wogulitsa analiza injini, iwo anazungulira nako kawiri pa simenti, nalipira tsiku lomwelo. Atafika ku munda anamangirira pulawo ya madisiki awiri imene anabwereka. Nthaka inali youma gwa. Matayala a kumbuyo ankangopalasa pamalo amodzi, kutsogolo kukunyamuka, madisiki akukanda pamwamba pokha. Anaumiriza masiku atatu mpaka injini inawira, gasiketi ya kumutu nipsa. Anayenda m'masitolo a masipeya mlungu wathunthu osaipeza, ndipo yoitanitsa kunja inafika patapita milungu isanu ndi umodzi. Mvula yoyamba inawapeza alibe thirakita, alibenso ndalama yolembera ya wina. Cimanga anabzala ca pa Khirisimasi.

Cimene ndikufuna muone n'cakuti kathirakitako sikanali koipa. Lero kali moyo, kamakoka ngolo ya manyowa ndi kufewetsa nthaka ya m'dimba, ndipo mwini wake sakadandaula. Kanangopatsidwa nchito imene sikanapangidwire.

Kumene amacokera

Mathirakita ang'onoang'ono akale amene mumaona ndi maina a Kubota, Yanmar, Iseki, Shibaura ndi Mitsubishi ambiri anayamba agwira nchito ku Japan. Kumeneko minda ndi ing'onoing'ono, yambiri ndi ya mpunga, yathyathyathya ndi yamatope. Mlimi wa kumeneko sakoka pulawo yolemera. Amagwiritsa nchito makina a mipeni yozungulira amene amakanika amati rotaveta. N'cifukwa cake mathirakitawa amafika ndi rotaveta kumbuyo, ndi matayala a mano ataliatali oyenera m'matope. Anawapanga opepuka dala kuti asatitimire, ndipo ambiri safika ngakhale tani imodzi. Nambala yolembedwa m'mbali imakuuzani zambiri. Pa Yanmar, YM1500 ndi ya mahosipawa pafupifupi 15, YM2000 ya pafupifupi 20, ndipo cilembo D kumapeto citanthauza kuti matayala onse anai amakoka.

Tsono gwirani mfundo iyi, pakuti ndi pamene ambiri amasoceretsedwa. Cimene cimakoka pulawo m'nthaka youma si kulira kwa injini, koma kulemera kwa thirakita pa matayala ake. Thirakita yopepuka, ngakhale injini ikhale yabwino motani, imangoterera. Yerekezani ndi Massey Ferguson 135, imene inapangidwa ku Coventry, ku England. Nayonso si yaikulu, koma ili ndi injini ya Perkins ya masilinda atatu, ya mahosipawa pafupifupi 45, ndipo imalemera pafupifupi kawiri poyerekeza ndi YM2000. Iyo pulawo ya madisiki awiri imaikoka bwino.

Lembani nchito, kenaka werengani

Musanapite pa yadi iliyonse, khalani pansi ndi a m'banja mwanu, mulembe nchito zimene thirakitayo idzagwira kuyambira Januwale mpaka Disembala. Ngati zambiri zili zotuta manyowa, nkhuni, madzi ndi zokolola, kuchecha udzu, kulambula njira yochinga moto, kusalaza kanjira ka ku munda, kuzunguza makina otongolera cimanga, ndi kulima dimba la lima imodzi kapena ziwiri pa nthaka yonyowa, thirakita ya ku Japan ya mahosipawa 20 mpaka 30 ingakutumikireni bwino, ndipo dizilo imamwa pang'ono. Koma ngati colinga canu cacikulu ndi kung'amba mizere ndi ripa m'cilimwe, monga timaphunzitsira pa ulimi wosunga cinyezi, kuti mvula yoyamba ikupezeni mwakonzeka, funani yolemera. Dzino limodzi lokha la ripa, likalowa kukaswa nthaka yolimba ya pansi pamene pulawo imalekezera, lingathe mphamvu yonse ya kathirakita kakang'ono. Pa munda wocepa, ng'ombe ziwiri ndi ripa ya Magoye zingaicite bwino nchitoyo kuposa iko.

Kenaka werengani ndalama. Pa nchito yolemera, injini ya dizilo imamwa pafupifupi lita imodzi pa ola pa mahosipawa asanu alionse. Oilo ya mu injini imafuna kusintha pakati pa maola 100 ndi 250, malinga ndi buku la makinawo. Onjezanipo mafyuluta, girisi, batire, ndi malipiro a woyendetsa pa masiku amene inu muli mumzinda. Thirakita yokha silima, conco ikanipo mtengo wa ngolo, silasha, pulawo kapena ripa. Zida zimenezi nthawi zina zimafika pafupi ndi mtengo wa thirakita yeniyeniyo. Mukatha, yerekezani ndi zimene mumalipira pa caka polemba thirakita ya wina. Amene ali ndi mahekitala awiri kapena atatu, ndipo alibe anansi oti aziwagwirira nchito yolipidwa, kawirikawiri amapeza kuti kulemba n'kochipa. Si camanyazi kupeza yankho lotere pa pepala. Kulipeza mutagula kale ndiko kumawawa.

Gulani masipeya musanagule thirakita

Apa ndikutanthauza kuti muyende. Lembani dzina ndi nambala ya thirakita ndi ya injini yake, mupite m'masitolo a masipeya a ca ku msewu wa Lumumba ndi ku dera la mafakitale. Funsani zinthu izi: fyuluta ya oilo, fyuluta ya dizilo, lamba wa fani, gasiketi ya kumutu, mbale ya kilachi, manozo ndi tayala la kumbuyo. Musafunse kuti, "Kodi mungaitanitse?" Funsani kuti, "Kodi cilipo lero, ndipo ndi zingati?" Masitolo atatu akakupukusirani mutu, thirakitayo isiyeni, ngakhale ichipe bwanji. Mitundu yambiri ya ku Japan inapangidwira msika wa kwao kokha, moti ngakhale buku lake la Cingerezi limasowa.

Apa ndi pamene Massey Ferguson yakale imapambanira. Abale ake akupangidwabe, monga MF 240 ya kampani ya Millat ku Pakistan, ndi ena a kampani ya TAFE ku India, kotero masipeya ake savuta, ndipo amakanika odziwa injini ya Perkins ali paliponse. Funsaninso za makanika wa kufupi ndi munda, osati wa ku Marapodi yekha, pakuti thirakita imafera ku munda.

Tsiku loyendera

Pitani m'mamawa, ndi makanika wanuwanu, amene mwamlipira inu. Uzani wogulitsa kuti asailize musanafike, ndipo mukafika ikani dzanja pa injini. Ikakhala yofunda, bwererani mudzabwere tsiku lina, cifukwa injini yotopa imabisa matenda ake ikatentha. Yabwino imalira msanga ili yozizira. Wogulitsa akayamba kupopera mankhwala olizira, kapena kunena kuti tiikankhe, mwamva kale zimene munabwerera.

Yang'anani utsi. Wakuda pang'ono polira si vuto. Wobiriwira ngati mtambo umasonyeza kuti injini ikudya oilo. Woyera umene suleka injini itatentha ungakhale madzi olowa m'silinda kapena manozo odwala. Pezani kapaipi kopumira injini, kamene kamaloza pansi m'mbali mwake. Kakamafuka utsi wambiri ndi kudontha oilo, maring'i atha. Solani kamtengo koyezera oilo: ikaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi asakanikirana nayo. Tsegulani radiyeta injini isanatenthe, muone ngati madzi akucita thovu ikamalira, kapena ngati pamwamba pakuyandama oilo. Dziwaninso kuti zina zakale, monga YM1500, zilibe pampu ya madzi. Madzi amazungulira okha akatentha, conco radiyeta yotsekeka ndi fumbi ndi njere za udzu imaziwiritsa msanga m'dzuwa la Okutobala.

Wochi ya maola musaikhulupirire kwambiri. Ina inaleka kalekale, ina inafika kumapeto niyambanso. Mboni zoona ndi zitsulo: zopondera kilachi ndi mabuleki zosalala ndi kutha, bowo la citsulo cokokera limene latambasuka, siteringi yoyenda mpata waukulu matayala asanatembenuke. Utoto watsopano wopakidwa pamwamba pa matope ndi girisi, ngakhale pa mapaipi a mphira, uzikukumbutsani za cikomekome ca mkuyu. Thirakita ilibe chesi ngati motoka. Injini, giyabokosi ndi ekiselo ya kumbuyo, zomangidwa pamodzi, ndizo msana wake. Mukaona mng'alu woocerera pa zimenezi, cokanipo.

Mangirirani cida colemera kumbuyo, mucinyamule mpaka pamwamba, muzimitse injini. Cikatsika cokha m'mphindi zocepa, kapena cikamanjenjemera pokwera, haidiroliki yatopa. Ikani giya yapamwamba, pondani mabuleki, mumasule kilachi pang'onopang'ono: injini iyenera kuzima. Ikapitiriza kulira, kilachi ikuterera, ndipo kuisintha kumafuna kuigawa thirakita pakati. Onani matayala a kumbuyo ngati ali ndi ming'alu m'mbali, pakuti awiri atsopano angakulandeni phindu lonse la kuchipa kuja.

Musaiwale kamtanda kozungulira ka kumbuyo, ka PTO. Zida zambiri zogulitsidwa muno zimafuna ka mano asanu ndi limodzi, kozungulira ka 540 pa mphindi, molunjika kumene wochi imazungulira mukaimirira kumbuyo kwa thirakita. Za ku Japan zambiri zili ndi maliwiro atatu kapena anai, ndipo silasha yoikidwa pa liwiro lolakwika ingaponye mpeni. Kubota B6000 imazungulira cobwerera, moti zida wamba sizigwirapo. Pa zakale zambiri, mipeni ya silasha imapitiriza kukankha thirakita ngakhale mwaponda kilachi. Pamafunika kacipangizo kamene kamaikidwa pa PTO kuti kalole mipeniyo kuzungulira yokha. Ndi kochipa, ndipo kangakupulumutseni ku mtengo kapena ku dzenje.

Pomaliza, pemphani kuti ikayesedwe m'nthaka, ndi cida conga cimene mudzagwiritsa nchito, kwa ola lathunthu. Wogulitsa wokana zimenezi ali ndi cifukwa cake.

Ndinenepo za ngozi, ngakhale mwacidule. Mathirakitawa ndi opapatiza, ndipo ambiri alibe citsulo cochinga woyendetsa akagubuduzika. Pa culu, m'mphepete mwa ngalande ndi potsetsereka ndi ngolo yodzaza, yendani pang'onopang'ono. Cheni cokokera citsa cimangidwe pa citsulo cokokera ca pansi, osati pamwamba pa ekiselo, cifukwa thirakita imadzuka ndi kugwa cagada munthu asanaponde kilachi. Mwana asakwere pa madigadi, ngakhale alire.

Mapepala ndi pogona pake

Nambala yosindikizidwa pa citsulo ifanane ndi ya pa mapepala, cilembo ndi cilembo. Ngati yangolowa kumene m'dziko, onani mapepala a ZRA osonyeza kuti inadutsa bwino pa malire. Ngati inalembetsedwa kale, funani buku lake loyera la ku RTSA, muone ngati dzina lili m'menemo ndi la amene akugulitsa, molingana ndi NRC yake. Pitani nayo nambalayo ku polisi akaione ngati si yobedwa, ndipo funsani poyera ngati ilibe ngongole ku banki kapena ku kopaletivu. Kalata yogulitsirana ilembedwe, isainidwe pamaso pa mboni ziwiri, ndipo ichule zida zonse zimene zikupita nayo. Ndalama ya cikole musatumize pa foni cifukwa ca cithunzi ca pa Facebook kapena pa WhatsApp.

Ganizirani kumene idzagona. M'tinjira ta mu Marapodi mulibe nchito yake, ndipo kuiyendetsa pa Great North pakati pa malole mlungu ndi mlungu n'kuika moyo pa ciswe. Tsiku logula, ikwezeni pa lole. Ku munda ifunika shedi yokhoma ndi munthu wokhulupirika, pakuti batire, sitata ndi dizilo zili ndi miyendo. Mugwirizane kuti woyendetsa ndi mmodzi, ndipo azilemba m'kabuku maola ndi malita a tsiku lililonse.

Nthawi yabwino yogula ndi mukatha kukolola, m'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi, pamene simuli pa cangu. Ikafika, musakhulupirire kuti inasamalidwa. Khetsani oilo ya mu injini ndi ya m'giyabokosi, sinthani mafyuluta onse, tsukani thanki ya dizilo ndi radiyeta, pakani girisi paliponse pamene pali kabowo kake. Sungani padera ndalama ya masipeya, musaithere pogula. Kenaka ipatseni nchito zopepuka, monga kututa mapesi ndi manyowa ndi kuchecha njira yochinga moto, kuti ngati ili ndi nthenda yobisika iionetse mu Ogasiti, mvula ikali kutali.