Timfundo ta pa Mafupa a Mwana: Tachibadwa ndi Toopsa

Amayi, posambitsa mwana manja anu amakhudza timfundo tolimba apa ndi apo. Tina ndi tachibadwa, koma tina ndi chizindikiro cha matenda. Mayi aliyense ayenera kudziwa kusiyanitsa kwake.

Timfundo tachibadwa

Fupa silikhala losalala ponseponse. Lili ndi timitu totumphuka pamene pamagwira minofu yoyendetsa ziwalo. Timapezeka pa kakolo, pa chigongono ndi kumunsi kwa bondo. Timakhala tofanana kumanja ndi kumanzere, ndipo sitipweteka. Nako kachotupa kotuluka pa mkono mwana akalandira katemera wa BCG sikoopsa. Kamapola kokha ndi kusiya kachipsera. Musakafinye.

Timfundo toopsa

1. Mfundo imodzi yosongoka pa msana. Kawirikawiri imadza ndi chifuwa chachikulu, chifukwa kachilombo kake, kamene Robert Koch anakatulukira mu 1882, kamalowanso m'mafupa. Mafupa a msana amadyeka ndi kuphwanyika, msana nupindika. Mwana amawonda, amalira usiku ndipo amakana kuwerama. Mukachedwa amamera linunda, mwinanso miyendo imafa.

2. Timfundo tondandana ngati mikanda pa nthiti, pamodzi ndi kutupa kwa mfundo za dzanja ndi miyendo ya matewe. Apa mafupa afewa chifukwa chosowa dzuwa ndi zakudya zolimbitsa mafupa.

3. Chotupa chopweteka pa fupa la kuseri kwa khutu, makamaka ngati khutulo likutuluka mafinya. Mwana wotere apite ku chipatala tsiku lomwelo.

Zoyenera kuchita

Musamteme mwana mphini pa mfundo, ndiponso musaitsine ndi madzi otentha. Onetsani mfundoyo kwa mlangizi wa zaumoyo kapena namwino ku sikelo. A ku Ntaja, Ulongwe, Phalula ndi zipatala zina zazing'ono adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha Machinga ku Liwonde kapena cha Balaka ngati mwana afunika kujambulidwa. Mankhwala a chifuwa chachikulu ndi aulere m'zipatala za boma. Chikagwira mafupa, mwana angamwe mankhwalawo mpaka miyezi 12. Musamsiyitse ngakhale aoneke kuti wachira.

Kupewa

Mwana alandire BCG atangobadwa. Ngati wina m'nyumba akutsokomola osasiya, akayezetse makhololo, ndipo ana onse osakwana zaka 5 akaonedwenso. Mwana akakwana miyezi 6, pitirizani kumyamwitsa, ndipo muzithira m'phala lake matemba a ku Chilwa ndi Chiuta osinjidwa ndi minga yomwe, nsinjiro, dzira ndi masamba monga bonongwe. Muzimtulutsa panja kuti aothere dzuwa pang'ono tsiku ndi tsiku.

Kumbukirani: mfundo yatsopano, ya mbali imodzi, yopweteka kapena yomakulirakulira isadikire tsiku la sikelo. Tengani kadi ya mwana, pitani ku chipatala msanga.