Mpeni wa kunsi kwa nsapato: mafunso ndi mayankho

Kodi hoke ya pa ayezi ndi masewera anji, poti kwathu kuno kulibe?

Ngakhale ku Tsangano kutazizira chotani mu June, dambo silingaundane n'kusanduka bwalo la ayezi. Hoke ya pa ayezi kwawo ndi ku Canada, ndipo masewera oyamba a m'nyumba adachitikira ku Montreal pa 3 March 1875. Abale athu a ku Joni angaione, chifukwa ku Johannesburg ndi Cape Town mabwalo ake alipo. Osewera amavala nsapato zokhala ndi chitsulo kunsi, chokhuthala mamilimita atatu basi.

Ndiye chitsulocho amachinola ngati chikwanje?

Ayi. Imani pa Lizulu tsiku la msika muonerere wogulitsa nyama ya mbuzi. Amakhula mpeni wake mbali iyi, n'kutembenuza, mpaka utathwa pakati, kenaka n'kuuyesa ndi chala chachikulu. Chitsulo cha nsapato chikanoledwa chotero, mwini wake agwa chagada asanayende n'komwe. Gudumu lonolera limakumba kangalande pakati, m'litali monse, n'kusiya milomo iwiri yakuthwa, wa mkati ndi wa kunja. Milomoyo ndiyo imaluma ayezi pokhota ndi poima.

Kangalandeko kaye pansi bwanji?

Apa ndiye pagona mkangano. Ambiri amayambira pa muyeso wa theka la inchi, pafupifupi mamilimita 13, womwe si kuzama kwa kangalandeko koma kupindika kwake, ndipo nambala ikachepa kangalande kamazama. Kozama kamagwira zolimba koma kamadya liwiro, miyendo n'kutopa msanga. Kosazama kamathamangitsa, koma kukhota kwake n'kwa mwayi. Munthu wa thupi amamira yekha mu ayezi, choncho safuna kozama. Wochepa thupi ndiye amakafuna. Ine ndimati n'chimodzimodzi khasu: la dothi lolimba lokumbamo mbatatesi silingasulidwe ngati lopalira mumchenga.

Nanga goloboyi amasiyana pati ndi anzake?

Mukachiyang'ana cham'mbali, chitsulo sichowongoka. Chidapindika ngati kunsi kwa bwato. Cha wosewera pakati chimatsata bwalo lomwe kuchoka pakati kufika m'mphepete ndi mamita 3 kapena 4, kuti azitembenuka msanga. Cha goloboyi chimakhala pafupifupi chathyathyathya, mamita 8 kapena 9, chifukwa iye sathamanga mtunda. Ntchito yake n'kuima nji, kutsetserekera m'mbali, kugwada ndi kudzuka.

Mungadziwe bwanji kuti wonola walakwitsa?

Gadamitsani nsapato, muike K10 yachitsulo pamwamba pa mpeniwo. Ikapendekeka, mlomo wina watalika kuposa unzake, ndipo wosewera adzakhota bwino mbali imodzi yokha. Kuthwa amayesa ndi chikhadabo: kakapalika kaufa koyera, zili bwino.