Kuwala kwa Dzuwa m'Maofesi

Mumzinda wa Harare muli nyumba ya maofesi ndi masitolo yotchedwa Eastgate, imene inatsegulidwa mu 1996. Amene anajambula pulani yake ndi Mick Pearce. Nyumbayi ili ndi zigawo ziwiri zoyang'anizana, ndipo bwalo la pakati pake analifolera ndi magalasi. Masana kuwala kwa dzuwa kumalowera padengalo, motero pabwalopo safunika kuyatsa magetsi ambiri.

Komatu dzuwa limadza ndi kutentha. Pofuna kuthetsa vutoli, Pearce anatengera nzeru za chiswe pachulu. Usiku mpweya wozizira umaziziritsa nyumbayo, ndipo masana mpweya wotentha umakwera n'kutulukira m'machumuni a pamwamba.

Mafunso
1. Kodi denga la magalasi lili ndi ubwino wanji?
2. Nanga vuto lake n'lotani?
3. M'kalasi mwanu kuwala kumalowera pati?