MCERE M'NTHAKA: MDANI WA MABVWENDE A M'NYUMBA ZA PULASITIKI

Alimi ena masiku ano abzala mabvwende m'nyumba zofoleredwa ndi pulasitiki, kuti akolole pa nyengo imene zipatsozi zisowa pamsika. Nchitoyi ifuna ndalama zambiri, ndipo mlimi akaluza zokolola za nyengo imodzi angatsale ndi ngongole. Cimodzi mwa zinthu zimene ziononga mbeu m'nyumba zotere ndico mcere wounjikana m'nthaka.

Kumene mcere ucokera

Madzi a pacitsime kapena a pamjigo ali ndi mcere pang'ono, cinkana munthu saumva pakumwa. Mlimi akathirira, mbeu imwako madzi, ena auma ndi dzuwa, koma mcere utsala m'dothi. M'munda wa pabwalo mvula ya dzinja itsuka mcerewo ndi kuutsitsa pansi. M'nyumba ya pulasitiki mvula siilowa, motero mcere ucuruka caka ndi caka. Feteleza nayenso ndi mtundu wa mcere, ndipo akathiridwa wopyola muyeso aonjezera bvutoli.

Zizindikiro

Pamwamba pa mizere paoneka zoyera ngati ufa. Mbeu zifota masana cinkana dothi liri lonyowa. Masamba akale apsa m'mbali, mphukira zikula mocedwa, ndipo zipatso zikhala zazing'ono. Zina zida ndi kuola kumalo kumene kunali duwa.

Apa mpamene alimi ambiri alakwa. Poona mbeu zofooka aganiza kuti ziri ndi njala, nathira feteleza wina wambiri, ndipo mbeuzo zipseratu.

Mmene mcere upwetekera mbeu

Coyamba, mcere ugwira madzi m'dothi kotero kuti mizu ilephera kumwa. Bvwende ndi madzi magawo oposa 90 pa 100, tsono ludzu lotere licepetsa cipatso.

Caciwiri, mcere wa mtundu uja wa m'ndiwo uli ndi zinthu ziwiri, sodiyamu ndi kuloraidi. Sodiyamu alimbana ndi potashi ndi kashiyamu polowa m'mizu. Potashi ndiye athandiza masamba kusunga madzi ndi kutumiza shuga kucipatso. Kashiyamu alimbitsa mizu ndi khungu la cipatso, ndipo akasowa mpamene bvwende liola kunsonga. Kuloraidi naye acepetsa naitireti amene mbeu ilandira, ndiye cakudya cobiriwitsa masamba.

Coyamba kutsuka, kenaka kudyetsa

Palibe feteleza amene acotsa mcere m'nthaka. Madzi okha ndiwo autsuka. Asanabzale, mlimi athirire mizere ndi madzi abwino ambiri, pang'onopang'ono, kuti alowe pansi kupitirira mizu. Pakhale ngalande zoturutsa madziwo, cifukwa akaima mcere ubwereranso pamwamba. Amene akhoza kufolola pulasitiki m'dzinja acite tero. Madzi a mvula ogwa padenga akhoza kusungidwa ndi kusanganizidwa ndi a pacitsime.

Ngati sodiyamu wacuruka, dothi limata ndi kukana madzi. Mankhwala ace ndi gypsum, mwala woyera wopera umene uli ndi kashiyamu. Kashiyamu akankha sodiyamu kumcotsa m'dothi, ndipo madzi amtenga kumka naye pansi. Gypsum wopanda kuthirira madzi ambiri pambuyo pace alibe phindu. Gypsum si laimu iai: laimu ndi wa nthaka ya asidi.

Zakudya zoyenera

1. Potashi acokere m'feteleza wochedwa Sulphate of Potash kapena Potassium Nitrate. Wochedwa Muriate of Potash ndi wotsika mtengo, koma ali ndi kuloraidi wambiri, ndipo sayenera pa nthaka ya mcere.

2. Calcium Nitrate apatsa kashiyamu ndi naitireti pamodzi. Afunika makamaka pamene maluwa ayamba ndi pamene zipatso ziri kukula. Asasanganizidwe m'mgolo umodzi ndi feteleza wa sulphate asanasungunulidwe ndi madzi ambiri, pakuti apanga matope otseka mipope.

3. Feteleza aperekedwe pang'ono koma kawirikawiri, pa dothi lonyowa. Kuthira wambiri tsiku limodzi kuocha mizu.

4. Manyowa akhale oola bwino. Zitosi za nkhuku zaziwisi ziri ndi mcere wambiri. Phulusa liri ndi potashi ndithu, koma ndi laukali, monga adziwira amai ocheza cidulo. Lisathiridwe lambiri.

5. Udzu wouma uyalidwe pamizere kuti madzi asaume msanga, ndipo dothi lisaloledwe kuuma gwa pakati pa masiku othirira.

Citsanzo ca ku Spain

Ku Almería, kummwera kwa dziko la Spain, mvula igwa yocepa ndipo madzi a zitsime zambiri ali ndi mcere. Nyumba yoyamba ya pulasitiki inamangidwa kumeneko m'caka ca 1963, ndipo tsopano nyumba zotere zaphimba mahekitala oposa 30,000. Alimi ace atumiza mabvwende kumaiko ambiri a ku Ulaya. Njira yao yakale ndiyo kuyala manyowa padothi ndi kuphimba ndi mcenga wokhuthala pafupifupi masentimita 10. Mcengawo uletsa madzi kuuma, motero mcere sukwera msanga. Alumikizanso mbande za mabvwende pa mizu ya maungu, imene ipirira matenda a m'nthaka ndiponso mcere.

Kupima kuposa kuganizira

Mcere upimidwa ndi kacipangizo kochedwa EC meter. Monga mwa muyeso wa bungwe la FAO wa 1985, madzi osafika 0.7 dS/m sabvuta, a pakati pa 0.7 ndi 3.0 afuna kusamala, ndipo opyola 3.0 ndi oopsya ku mbeu. Mlimi apite kwa mlangizi wa zamalimidwe wa kwao, amene adzamuonetsa katengedwe ka dothi ndi madzi zokapimitsa. Nchito yofufuza za nthaka icitika ku Mount Makulu, ku Chilanga, ndipo ku Chipata kuli malo ofufuzira zaulimi a Msekera. Mlimi apimitse asanagule feteleza, kuti ndalama zace zigule cakudya cimene mbeu ifunadi.