Chiyambi cha kusiyana kwa mipingo ya Lutheran

Funso: Kodi zinatheka bwanji kuti mipingo ya Lutheran, yomwe yonse imatsata chiphunzitso cha Martin Luther, ikhale m'mabungwe osiyana, ngakhale kuno ku Malawi?

Yankho: Gwero lalikulu la nkhaniyi lili ku America, kumene anthu ochokera ku Germany ndi ku Scandinavia ankakhazikitsa masinodi, omwe ndi mabungwe a mipingo ya chikhulupiriro chimodzi, gulu lililonse m'chinenero chake. Mu 1872 masinodi a Missouri, Wisconsin ndi ena anapanga Synodical Conference kuti azigwirira limodzi ntchito ya utumiki, koma mu 1961 a Wisconsin anathetsa chiyanjano ndi a Missouri poona kuti anzawowo ayamba kulekerera kupemphera pamodzi ndi achiphunzitso china, ndipo bungwelo linatha mu 1967. Mkanganowu sunali wa maudindo ayi, unali wa chiphunzitso.

Ena anasankha kuphatikizana, moti mu 1988 mipingo itatu inapanga Evangelical Lutheran Church in America, yomwe ili mu Lutheran World Federation, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ku Lund mu 1947. Evangelical Lutheran Church in Malawi ili m'bungwe lomwelo, pamene Lutheran Church of Central Africa inayambitsidwa ndi amishonale a Wisconsin, omwe anafika m'dziko muno mu 1963.