Khutuba ya Jumu'ah: Ngongole ya Msonkhano kwa Eni Malo

KHUTUBA YOYAMBA

Alhamdulillah. Tikumutamanda Allah amene adayala nyanja iyi pakhomo pathu, naikamo chakudya chimene sitifesa kapena kupalira. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Iye yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndi Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa banja lake ndi pa maswahaba ake onse.

Pambuyo pa izi: inu akapolo a Allah, tikudzilangiza tokha ndi kukulangizani inu kuti timuope Allah poyera ndi mseri.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, mvula ikangotha, magalimoto amayamba kutsika kuchokera ku Lichinga kudza ku Metangula, ku Chuanga, mpaka ku Cobue. Amabweretsa misonkhano ya zaumoyo, ya aphunzitsi, ya zausodzi ndi ya zaulimi. Nafenso tili nayo yathu: ya masheikh, ya aphunzitsi a madrasa, ziyala ndi sadaka. Kukumana ndi kukambirana ndi chinthu chabwino, ndipo shura ndi chikhalidwe cha okhulupirira. Koma msonkhano uliwonse umadya. Umadya madzi, nkhuni, nsomba ndi mafuta, ndipo umasiya zinyalala. Tiwerengere pamodzi: anthu 100, masiku atatu, aliyense mabotolo atatu a madzi patsiku. Amenewo ndi mabotolo 900. Alendo akakwera magalimoto, mabotolowo amatsala ndi ife, ndipo mwera ukaomba amakathera m'makoka mwathu.

Boma la Mozambique lidalengeza mbali yathu ya nyanjayi kukhala malo otetezedwa m'chaka cha 2011, ndipo chaka chomwecho idalembedwa m'kaundula wa pangano la Ramsar, wa madambo ndi madzi ofunika pa dziko lonse. Chifukwa chake n'chakuti muno muli mitundu ya nsomba mazanamazana yosapezeka kwina kulikonse. Tsono taonani mmene nkhuni za kukhitchini zimafikira nsomba. Mtengo ukagwa paphiri, mvula imakokolola dothi, mitsinje ngati Lunho n'kulitsitsira m'nyanja. Chambo chimakumba zisa zake pamchenga, mbuna zimadya ndere za pamiyala. Matope akakwirira mchenga ndi miyala, nsomba zimasowa poswera ndi podyera. Motero msonkhano wokamba za kuteteza nyanja ungathe kuipweteka nyanjayo kuseri kwa holo, pamafuwa pomwe akuphikira.

Kodi Deen yathu ikutiuza chiyani? Choyamba, ikuletsa israaf, kumene ndi kuononga ndi kupyola muyeso. Mu Surat Al-A'raf, ndime 31, kudya ndi kumwa kwaloledwa, koma kupyola muyeso kwaletsedwa, ndipo tachenjezedwa kuti ochita zimenezi Allah sawakonda. Mtumiki (swalla Allahu alayhi wasallam) ankapanga wudhu ndi muddu umodzi, madzi osakwana lita. Zidanenedwanso kuti adamudzudzula Sa'd pothira madzi ochuluka pa wudhu, namudziwitsa kuti kuononga kulipo ngakhale munthu ali pamtsinje woyenda. Ngati muyeso ukufunika pa ibada, kuli bwanji pa chakudya cha seminale?

Chachiwiri, ikulamula kubweza. Taganizirani za Hajj, msonkhano umene umasonkhanitsa Asilamu a dziko lonse. M'malo opatulika a Makka n'koletsedwa kudula mtengo womera wokha kapena kusaka nyama. Surat Al-Ma'ida, ndime 95, ikufotokoza za munthu amene wapha nyama ya m'tchire mwadala ali mu ihram. Ayenera kupereka chiweto chofanana nayo, kapena kudyetsa masikini, kapena kusala. Mu lamulo limeneli muli maphunziro atatu. Dipo limayezedwa molingana ndi chimene chaonongedwa. Oyeza ndi anthu awiri olungama, osati wolakwayo. Ndipo chiwetocho chimakaphedwera ku Makka, kuti adye ndi osauka a m'malo opatulikawo. Ndimeyo ikutha ndi chenjezo loopsa kwa wobwereza, kusonyeza kuti dipo si chiphaso chogulira tchimo.

Pamenepa tiime pang'ono. Masiku ano okonza misonkhano ikuluikulu ku mayiko akutali amawerengera utsi wa ndege ndi magalimoto awo, n'kupereka ndalama zodzalira mitengo kuti afafanize utsiwo. Maganizo ake ndi abwino. Koma amene sanayambe wachepetsa kuononga, nangolipira kuti apitirize, akufanana ndi munthu wokonzeratu kaffara asanalumbire, n'cholinga choti adzaswe lumbirolo. Tawba imayamba ndi kusiya, kubweza kumadza pambuyo. Ndiponso mtengo wodulidwa ku Maniamba subwezedwa ndi mbande yodzalidwa kutsidya kwa nyanja zamchere. Potumiza Mu'adh ku Yemen, Mtumiki (s.a.w) adamulangiza kuti zakat itengedwe kwa olemera a anthuwo ndi kubwezedwa kwa osauka awo. Chotengedwa pano chibwerere pano.

Ummah udaonetsa kale kuti zimenezi n'zotheka. Kale nyama yambiri ya nsembe ku Mina inkawola ndi kukwiriridwa, chifukwa chochuluka kuposa odya. M'chaka cha 1983, ntchito yosamala nyamayi idaperekedwa kwa Islamic Development Bank ya ku Jeddah, ndipo tsopano imasungidwa m'mafiriji n'kugawidwa kwa osauka a ku Makka ndi a mayiko ambiri. Nsembe ndi yomweyo, mahaji ndi omwewo. Chidasintha ndi chakuti anthu adakhala pansi n'kufunsa kumene zotsala zikupita.

Tanena mawu awa, ndipo tikupempha chikhululuko kwa Allah, chathu ndi chanu. Mupempheni, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

KHUTUBA YACHIWIRI

Alhamdulillah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Mame akamauma amasiya tsamba lili lofewa, sasiya chipsera. Pamikeka ino pakhala aphunzitsi, anamwino, ogwira ntchito za boma ndi za mabungwe, eni malo ogona alendo, asodzi ndi ochita malonda. Amana imeneyi ili m'manja mwanu.

Inu okonza misonkhano, ikani madzi owiritsa kapena othira Certeza m'zidebe za mpopi, ndipo aliyense akhale ndi kapu yake. Kumbukirani kuti matumba apulasitiki opyapyala adaletsedwa ndi lamulo la dziko lino la 2015. Werengani anthu musanateleke mphika. Mpunga, chinangwa, nkhuku, masamba ndi usipa gulani kwa alimi ndi asodzi a konkuno, ndipo ophika akhale amayi a m'mudzi momwemo, olipidwa mokwanira ndi pa nthawi yake. Chakudya chotsala chisafike kudzala: ana amasiye, ophunzira a madrasa ndi odikirira odwala kuchipatala ali pafupi.

Inu asodzi ndi ogulitsa, oda ya msonkhano isakunyengeni kuti mutsitse masikito m'madzi. Masikito ndi otchingira udzudzu. Akakokedwa m'nyanja amasesa tiana ta nsomba, ndipo ndalama ya tsiku limodzi imadya chakudya cha chaka chamawa. Wogula nsomba zotere akudziwa, ali ndi gawo lake m'tchimolo.

Msonkhano ukatha, pakhale kuwerengera. Tengerani chitsanzo cha Al-Ma'ida: anthu awiri olungama, wina wochokera kwa mfumu, wina ku khonsolo ya asodzi, awerenge mitolo ya nkhuni ndi matumba a makala amene apsa, ndipo atchule mbande zoyenera kubwezedwa. Mbawa ndi msangu zidzalidwe m'mphepete mwa mitsinje, mango pasukulu ndi pamzikiti. Zidzalidwe mvula ikakhazikika, osati m'chilimwe pofuna chithunzi cha mu lipoti. Ndalama ya wothirira ndi ya mpanda wotchinga mbuzi ilembedwe m'bajeti kuyambira pachiyambi, chifukwa mbande youma sinabweze kanthu. Hadith imene adailandira Bukhari ndi Muslim ikutiphunzitsa kuti chilichonse chimene munthu, mbalame kapena nyama idzadye pa mtengo wa Msilamu chimalembedwa ngati sadaka yake.

Lamulo limeneli liyambe ndi ife. Pa ziyala ndi pa sadaka zathu, komiti ya mzikiti isankhe achinyamata otolera zinyalala dua yomaliza isanawerengedwe, ndipo nkhuni zathu tiziwerenge monga tikufunira kuti alendo awerenge zawo.

O Allah, tidalitsireni nyanja yathu, minda yathu ndi mvula yathu. Tipangeni kukhala okonza, osati oononga. Khululukirani makolo athu, amoyo ndi akufa, chiritsani odwala athu, ndipo bwezani asodzi athu kugombe mwamtendere. Ameen.

Imikani swala.